Windows 10 Yatha Nthawi Yake: Tichite Chiyani ndi Malaputopu Athu Akale?

M'maparishi ambiri a mu mzinda wa Blantyre, kuyambira ku Ndirande ndi ku Chilomoni mpaka ku Bangwe, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, laputopu yalowa m'malo mwa taipilaita ndi makina aja opukusa mapepala omwe akuluakulu akuwakumbukira. Mlembi wa parishi amasungamo mayina a akhristu ndi kaundula wa zopereka. Akatekisiti amakonzeramo maphunziro a m'kalasi. A kwaya amatayipiramo nyimbo za Lamulungu, ndipo madzulo ana a sukulu amaibwereka kuti alembe ntchito yawo. Ambiri mwa makinawa sanagulidwe ali atsopano. Ena anagulidwa m'masitolo a ku Limbe atagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja, ena anabwera ndi abale ochokera ku Johannesburg, ndipo ena ndi mphatso za abwenzi akufuna kwabwino.

Awerengi angapo akhala akutifunsa za uthenga umene umatuluka pa sikirini, wonena kuti Windows 10 yafika kumapeto ndipo ndi bwino kusamukira ku Windows 11. Ena achita mantha poganiza kuti makina awo adzazima tsiku lina osayakanso. Ena anathamangira kwa okonza makompyuta, nabwerako laputopu ikuoneka yatsopano koma mafayilo a zaka zambiri atafufutika. M'nkhani ino tifotokoza chimene chachitika, mmene mungadziwire ngati laputopu yanu ingalandire Windows 11, ndi zimene mungachite ngati yakanidwa.

Kodi chatha n'chiyani?

Kompyuta iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Pali zipangizo zomwe timazigwira ndi manja, monga sikirini, kiyibodi, batire ndi tizitsulo tobisika m'kati. Palinso mapulogalamu, omwe ndi malangizo ouza zipangizozo chochita. Pakati pa mapulogalamu onse pali imodzi yaikulu, imene pa Chingerezi amaitcha operating system. Imeneyi ili ngati kapitawo pa ntchito ya zomangamanga. Ndiyo imadzutsa makina mukawayatsa, imagawira pulogalamu iliyonse malo ndi nthawi yogwirira ntchito, imalankhula ndi pulinta, ndiponso imayang'anira makomo onse olowera ndi kutulukira pa intaneti. Word, Excel ndi Chrome sizingachite kanthu popanda iyo.

Windows ndi pulogalamu yaikulu yotere, yopangidwa ndi kampani ya Microsoft ya ku America. Windows XP, imene ambiri a ife tinaphunzirirapo kompyuta, inatuluka mu 2001 ndipo kampaniyo inaleka kuisamalira pa 8 Epulo 2014. Windows 7 ya mu 2009 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020. Windows 10 inatuluka pa 29 Julayi 2015, ndipo tsiku lake lomaliza linali pa 14 Okutobala 2025. Tsiku lomwelo Microsoft inalekanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019, zomwe zili m'malaputopu ambiri a m'maofesi athu.

Kuleka kusamalira sikutanthauza kuti makina azima. Laputopu iziyakabe, kalata muzilembabe, ndipo pulinta izisindikizabe monga kale. Chimene chaima ndi zigamba za chitetezo. Pulogalamu yaikulu ngati Windows imakhala ndi ming'alu imene ngakhale oipanga sanaione, ndipo akatswiri pamodzi ndi akuba amakhala akuifufuza usana ndi usiku. Mng'alu ukapezeka, Microsoft imatumiza chigamba kudzera pa intaneti, kawirikawiri Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Kwa Windows 10 wamba zigamba zimenezi zinaima. Ming'alu yatsopano izipezekabe, koma woimata palibe. Zili ngati denga limene mwini wake waleka kulikonza: mvula yoyamba mwina silidontha, koma chaka ndi chaka mabowo amachuluka.

Kuopsa kwake kuli pati?

Mu Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko pafupifupi 150 m'masiku ochepa chabe. Inkatseka mafayilo onse a m'kompyuta n'kumafuna dipo kuti iwatsegule. Zipatala zambiri za boma ku England zinakakamizika kubweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka mng'alu umene vayirasiyo inkalowera chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Makina amene anagwidwa ndi aja anali asanachilandire.

Kwathu kuno matendawa amayenda kwambiri pa fulashi. Fulashi imodzi imachoka m'laputopu ya mlembi, imapita kosindikizira mapepala pa msika, imadzera kwa wapampando wa kwaya, kenaka imabwerera ku ofesi itatola zonse za m'njira. Tsono tikumbukire zimene zili m'laputopu ya parishi: mayina ndi manambala a foni a akhristu, zopereka za banja lililonse, mayina a ana amasiye ndi odwala omwe amathandizidwa, makalata a nkhani za m'mabanja. Zimenezi si za mlembi, ndi za eni ake amene anatikhulupirira. Lamulo loteteza mbiri za anthu limene dziko lathu linakhazikitsa mu 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, limafuna kuti aliyense wosunga mbiri za anthu ena azizisunga motetezeka.

Vuto lachiwiri limabwera pang'onopang'ono. Windows ikasiyidwa, makampani ena nawonso amayamba kuithawa. Google inaleka kukonza Chrome ya pa Windows 7 kumayambiriro kwa 2023, ndipo amene akugwiritsabe ntchito makina otere aona kuti masamba ena a pa intaneti, makamaka a mabanki, satsegukanso bwino. Zomwezo zidzaonekera Windows 10 nthawi yake ikakwana.

Zimene Windows 11 imafuna

Windows 11 inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka salipira kanthu kuti asamuke, kupatula ndalama za bandulo. Koma Windows 11 imasankha nyumba yolowamo, ndipo zofuna zake zazikulu ndi izi.

Choyamba ndi purosesa, umene uli ubongo wa makina. Iyenera kukhala ya mtundu wa 64-bit, ndipo ikhale pa mndandanda wa mapurosesa amene Microsoft inavomereza. Mwachidule, ya kampani ya Intel ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposera apo, ndipo ya kampani ya AMD ikhale Ryzen ya m'gulu la 2000 kapena kuposera apo, ngakhale kuti ina ya m'gulu limeneli inasiyidwa kunja. Mapurosesa a Intel a m'badwo wachisanu ndi chitatu anayamba kutuluka mu 2017, kotero laputopu yopangidwa chaka chimenecho chisanafike kawirikawiri imakanidwa.

Chachiwiri ndi RAM yosachepera 4 GB. RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito: likachepa, mabuku amaunjikana ndipo ntchito imachedwa. Chachitatu ndi disiki yosachepera 64 GB, imene ili nkhokwe yosungiramo zonse. Chachinayi ndi TPM 2.0, kachipangizo kosungira makiyi achinsinsi a kompyuta kuti wakuba asawapeze mosavuta. Chachisanu ndi njira yatsopano yodzukira makina yotchedwa UEFI, yokhala ndi Secure Boot, amene ali ngati mlonda wa pa geti woletsa pulogalamu yachilendo kulowa Windows isanadzuke.

Malaputopu ambiri amene tili nawo amakwanitsa RAM ndi disiki, koma amagwa pa purosesa ndi TPM. Mwachitsanzo, Dell Latitude E6430, Lenovo ThinkPad T440 ndi HP EliteBook 840 kuyambira G1 mpaka G4, omwe ndi makina olimba ndiponso ofala m'masitolo athu, sali pa mndandanda. ThinkPad T480 ndi EliteBook 840 G5 kawirikawiri amaloledwa, malinga ndi purosesa imene ili m'kati.

Mmene mungayezere laputopu yanu

Musadalire mawu a wogulitsa kapena pepala lomatidwa pa chivundikiro. Yezani nokha. Dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo cha R, ndipo m'kabokosi kamene katuluke lembani winver. Muona mtundu wa Windows umene muli nawo. Bwerezaninso, koma lembani msinfo32. Pa tsamba limene litseguke muona dzina la purosesa, kukula kwa RAM, ndi mzere wotchedwa BIOS Mode, umene unena UEFI kapena Legacy.

Dzina la purosesa ya Intel limadziulula lokha m'badwo wake. Yang'anani nambala yotsatira kamzere. Mu i5-3320M nambala yoyamba ndi 3, kutanthauza m'badwo wachitatu. Mu i5-6300U ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo mu i5-8250U ndi wachisanu ndi chitatu, umene ukuloledwa. M'mayina ngati i5-1135G7 timawerenga manambala awiri oyamba, ndiye kuti m'badwo wa 11. Dziwani kuti i7 ya m'badwo wachinayi imakanidwa pamene i3 ya m'badwo wachisanu ndi chitatu imaloledwa. Ambiri apusitsidwa pa mfundo imeneyi.

Kuti muone TPM, lembani tpm.msc m'kabokosi komwe kaja. Mukauzidwa kuti TPM siikupezeka, musafulumire kutaya mtima. M'makina ambiri ilimo koma inazimitsidwa mu BIOS, ndipo nthawi zina imabisala pa dzina loti PTT m'makina a Intel kapena fTPM m'makina a AMD. Polowa mu BIOS, dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena F1 pa ThinkPad, makina akangoyamba kuyaka. Ngati simunalowemo chiyambire, pemphani wodziwa akhale pambali panu, ndipo musasinthe china chilichonse chomwe simukuchimvetsa. Microsoft ilinso ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa PC Health Check, kamene kamayeza zonsezi n'kukuuzani chimene chikusowa.

Musanayambe, sungani mafayilo

Gawo ili ndilo lofunika kuposa ena onse. Kaya musamukira ku Windows 11, kaya musankha njira ina, kaya mupereka laputopu kwa wokonza, yambani mwakopera mafayilo anu onse kwina. Kopani pa zinthu ziwiri zosiyana, monga fulashi ndi disiki yonyamula m'manja, ndipo chimodzi mwa izo chizigona kunja kwa ofesi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa, ku Chilobwe, ku Ndirande ndi madera ena, kuti madzi ndi matope sasankha chotenga. Fulashi yosungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu imapita nayo limodzi, kaya ndi madzi kaya ndi wakuba.

Musakope Documents yokha. Anthu ambiri amasiya ntchito yawo pa Desktop ndi mu Downloads, ndipo zithunzi za zochitika za pa parishi zimakhala mu Pictures. Lembani m'kope mawu achinsinsi a imelo ndi a masamba ena, chifukwa ambiri tinawaiwala kalekale poti kompyuta imatikumbukira. Lembaninso mayina a mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito, dzina ndi nambala ya pulinta yanu, ndi kiyi ya Office ngati muli nayo. Mukamaliza kukopa, tengani fulashiyo mukaitsegule pa kompyuta ina, ndipo mutsegule mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti alimodi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapita kwa wokonza makompyuta, samalani ndi mawu oti kufomata. Kufomata ndi kufufuta zonse za m'disiki n'kuyamba mwatsopano. Okonza ambiri amakonda njira imeneyi chifukwa ndi yachangu, ndipo amaganiza kuti mwini wake anasunga kale zake. Gwirizanani momveka bwino ntchito isanayambe, ndipo ngati m'laputopumo muli mbiri za akhristu, wina wa komiti akhalepo mpaka ntchito ithe. M'maparishi mwathu muli achinyamata amene anaphunzira za makompyuta ku MUBAS kapena ku sukulu ya John Paul II ya ku Beehive ku Chilomoni. Afunseni, pakuti safunsa anadya phula.

Kusamuka kwa laputopu yololedwa

Ngati laputopu yanu yapambana mayeso, pali zinthu ziwiri za kwathu kuno zoyenera kuziganizira: bandulo ndi magetsi. Windows 11 ndi yaikulu kuposa 5 GB, ndipo ikangolowa imafunanso zigamba zina. Njira yapafupi ndi kulowa mu Settings, kenaka Windows Update, n'kulola makina adzitengere okha. Koma ngati pa parishi pali malaputopu angapo, n'kuwononga ndalama kuti iliyonse idzitengere payokha. Munthu mmodzi apite pa tsamba la Microsoft lenilenilo, atenge kapulogalamu kotchedwa Media Creation Tool, ndipo aike Windows 11 pa fulashi yopanda kanthu yosachepera 8 GB. Fulashi imodziyo ithandiza makina onse. Yang'ananinso mabandulo a usiku a Airtel kapena TNM, amene kawirikawiri amatsika mtengo.

Za magetsi, musayambe ntchitoyi ngati batire la laputopu linafa ndipo makina amazima chaja ikangochoka. Magetsi akathima ntchito ili pakati, laputopu ingathe kukana kudzukanso. Onani ndondomeko ya ESCOM ya dera lanu, kapena kagwireni ntchitoyi pamalo pamene pali sola kapena jenereta. Ipatseni maola awiri kapena atatu, makamaka ngati disiki ndi yakale.

Pali kusiyana kwakukulu pa kagwiritsidwe ntchito ka fulashi ija. Mukayatsa laputopu monga mwa masiku onse, n'kutsegula fulashi, n'kudina fayilo yotchedwa setup, mupatsidwa mwayi wosankha Keep personal files and apps, ndipo mafayilo ndi mapulogalamu anu atsala m'malo mwake. Koma mukadzutsa makina kuchokera pa fulashi n'kufufuta zigawo za disiki, zonse zipita. Makina azizima ndi kuyaka okha kangapo, musawakhudze. Mukapeza kuti Windows 11 siikugwirizana ndi pulinta kapena pulogalamu ina yofunika, muli ndi masiku 10 obwerera ku Windows 10 kudzera mu Settings, System, Recovery, Go back. Masikuwo akatha, khomo limenelo limatsekeka.

Windows 11 ikamaikidwa mwatsopano imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft. Pa laputopu ya parishi musagwiritse ntchito akaunti ya munthu mmodzi, chifukwa alembi amasintha ndipo anthu amasamuka. Tsegulani akaunti ya ofesi, ndipo mawu ake achinsinsi asungidwe ndi bambo mfumu pamodzi ndi mmodzi wa akuluakulu a komiti. Chifukwa chake n'chachikulu: Windows 11 yatsopano imakonda kukiya disiki yonse ndi loko wotchedwa BitLocker, ndipo kiyi yotsegulira, ya manambala 48, imasungidwa mu akaunti ija. Tsiku lina makina akadzavuta n'kufunsa kiyi imeneyi, ngati palibe woidziwa, palibenso katswiri amene angapulumutse mafayilo. Isindikizeni pa pepala, muisunge pamodzi ndi zikalata zina zofunika. Pomaliza, ngati mumatenga intaneti pa foni, yatsani Metered connection kuti Windows isamalize bandulo yanu mwakachetechete.

Nanga laputopu ikakanidwa?

Apa ndi pamene pali ambiri a ife, ndipo njira zilipo zinayi.

Yoyamba ndi kupempha nthawi. Posiya Windows 10, Microsoft inalengeza ndondomeko yotchedwa Extended Security Updates, yopatsa anthu wamba zigamba za chitetezo kwa chaka china chimodzi, kufikira pa 13 Okutobala 2026. Inafuna Windows 10 ya mtundu wa 22H2 ndi akaunti ya Microsoft, ndipo munthu ankatha kulowamo polipira madola 30 kapena mwaulere polola kuti makonzedwe a kompyuta yake asungidwe pa akauntiyo. Imeneyi inakonzedwa ngati mlatho wowolokera basi, osati malo omangapo nyumba.

Yachiwiri ndi kukakamiza. Pali mapulogalamu, monga Rufus, amene amakonza fulashi kuti Windows 11 ilowe popanda kufunsa za TPM ndi purosesa. Okonza ambiri mu mzinda muno amachita zimenezi, ndipo nthawi zambiri makina amayenda. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere siikuwalonjeza zigamba, ndipo mtundu watsopano wa Windows 11 ukatuluka chaka ndi chaka, kawirikawiri sufika wokha, pamafunika kukakamizanso. Komanso kuyambira ndi mtundu wa 24H2, mapurosesa akale kwambiri monga Core 2 Duo sadzuka nayo n'komwe. Pa laputopu ya kunyumba munthu angayese mwa kufuna kwake. Pa laputopu yosunga kaundula ndi ndalama za parishi sitikulimbikitsa. Chenjeraninso ndi Windows kapena Office yobedwa, yotsegulidwa ndi timapulogalamu tachinyengo, chifukwa timeneti nthawi zambiri ndito timabweretsa mavayirasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yachitatu ndi kusintha kapitawo. Windows si yokhayo padziko lapansi. Mu 1991 wophunzira wa ku Finland dzina lake Linus Torvalds anayambitsa Linux, imene aliyense amaloledwa kuitenga, kuigwiritsa ntchito ndi kugawira anzake popanda kulipira. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kwa anthu wamba, nautcha Ubuntu, mawu omwe m'chinenero chathu timati umunthu. Kuchokera ku Ubuntu kunabadwa Linux Mint, imene maonekedwe ake amafanana kwambiri ndi Windows 7. Linux Mint 22 ilandira zigamba za chitetezo mpaka mu 2029, siifunsa TPM, ndipo imayenda bwino pa laputopu ya 4 GB ya RAM. Imabwera ndi LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama, yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndiponso Firefox yoyendera pa intaneti. Mavayirasi ambiri oyenda pa fulashi anapangidwira Windows, choncho pa Linux sagwira.

Tinene zoona zake zonse. Word ndi Excel zenizenizo siziikidwa pa Linux. Kalata yokhala ndi matebulo ambiri ingasinthe maonekedwe pang'ono ikatsegulidwa mu LibreOffice, kotero ndi bwino kuisandutsa PDF musanapite nayo kosindikiza. Ngati ofesi yanu imadalira Publisher, Access kapena pulogalamu ina ya zachuma yopangidwira Windows, funsani kaye. Mapulinta ena safuna chilichonse, ena amavuta. Ubwino wake ndi wakuti Linux Mint mungathe kuiyesa kuchokera pa fulashi popanda kukhudza disiki yanu. Yesani kiyibodi, mawu, Wi-Fi ndi pulinta, ndipo mukakhutira ndiye muiike. Kwa akatekisiti amene ntchito yawo ndi kulemba maphunziro, kusunga mayina ndi kutumiza imelo, njira imeneyi ndi imene ingatalikitse moyo wa laputopu zaka zingapo popanda kugula ina.

Yachinayi ndi kuichotsa laputopu pa intaneti. Makina a Windows 10 amene salumikizidwa konse, ndipo salandira fulashi za anthu ena, angapitirize kutayipa nyimbo kapena kuonetsa zithunzi pa khoma kwa zaka zambiri. Koma lamulo limeneli liyenera kusungidwa ndi onse, ndipo tikudziwa mmene zimavutira kukaniza mnzathu amene wabwera ndi fulashi akuti ndi kamphindi chabe.

Zipangizo ziwiri zotsitsimutsa makina akale

Anthu ambiri amaganiza kuti Windows yatsopano ifulumizitsa laputopu yochedwa. Sizitero. Chimene chimachedwetsa makina akale kawirikawiri ndi disiki ya mtundu wakale, imene m'kati mwake muli mbale yozungulira ndi kasingano kowerenga, monga galamafoni. Disiki yatsopano yotchedwa SSD ilibe chozungulira, choncho imawerenga mofulumira kwambiri, siiwonongeka msanga ndi mabampu a m'minibasi, ndipo imadya batire pang'ono. Laputopu imene inkatenga mphindi zingapo kuti idzuke imadzuka m'masekondi ochepa ikalandira SSD. Ya 256 GB imakwanira ntchito za mu ofesi.

Chachiwiri ndi kuwonjezera RAM kufika pa 8 GB. Ngakhale Windows 11 imalowa pa 4 GB, imayenda mokoka miyendo. Pogula, tengani laputopu yomweyo ku sitolo, chifukwa RAM ili m'mitundu, monga DDR3 ndi DDR4, ndipo mtundu wina sulowa pa malo a unzake. Zipangizo ziwirizi sizisintha m'badwo wa purosesa, kotero sizingachititse kuti laputopu yokanidwa iloledwe. Koma pamodzi ndi Linux Mint zimasandutsa makina a mu 2013 kukhala chida chodalirika, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ena. Pemphaninso wokonza apukute fumbi la pa fani, pakuti fumbi la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limatenthetsa makina mpaka kumazima okha.

Kwa amene akufuna kugula

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo laputopu yatsopano ili kutali ndi thumba la mphakati kapena la mkatekisiti. Ambiri tigulabe zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma dziwani kuti maofesi a kunja akhala akuchotsa makina amene Windows 11 inawakana, ndipo ena mwa iwo amafika m'masitolo athu ataikidwa Windows 11 mokakamiza. Kuona Windows 11 pa sikirini si umboni. Pemphani wogulitsa ayatse makinawo, lembani msinfo32 ndi tpm.msc nokha, ndipo muwerenge m'badwo wa purosesa. Chotsani chaja muone ngati batire likusunga moto. Funsani ngati muli SSD. Landirani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo, kuti mudziteteze ngati angapezeke kuti anabedwa. Abwenzi akunja akafuna kutithandiza ndi makompyuta, tiwathokoze, ndipo tiwauze mwaulemu mtundu umene ungatipindulire.

Laputopu ikafika pomwalira

Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linaonetsa kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Laputopu yakufa isaponyedwe m'dzala, mu mtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo, kapenanso pamoto. Batire lake limaphulika likatenthedwa, ndipo utsi wa mawaya ndi mapulasitiki ake ndi poizoni kwa ana osewera pafupi. Okonza makompyuta amalandira makina akufa chifukwa sikirini, kiyibodi ndi RAM zimathandiza kukonzera ena. Musanaipereke, chotsanimo disiki muisunge, chifukwa mafayilo ofufutidwa mwa wamba munthu wodziwa amatha kuwabweza.

Pempho lathu kwa makomiti a m'maparishi ndi m'miphakati ndi lakuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano ukubwerawu. Lembani malaputopu onse amene amasunga zinthu za mpingo, kuphatikizapo a anthu amene amagwirira ntchito kunyumba kwawo. Pa iliyonse lembani mtundu wa Windows, m'badwo wa purosesa, ndi dzina la amene akusunga fulashi ya mafayilo ake. Mabuku olembedwa pamanja a ubatizo, ulimbitso ndi ukwati apitirire kulembedwa mokhulupirika monga kale, pakuti kompyuta imangothandizira. Mndandanda umenewu ukakhala m'manja, mudzaona laputopu yoyenera Windows 11, yoyenera Linux, ndi yoyenera kupuma, ndipo ndalama zochepa zimene zilipo zidzapita pamene zikufunikadi.